Achemwali, mwana sanawatseke amayi pa Facebook

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku Perth tili bwino. Uthengawu mukawawerengerenso amayi amve okha, chifukwa ndamva kuti akudandaula zoti mdzukulu wawo, mwana wanga uja, wawatseka pa Facebook. Ayi ndithu, mwanayu sanatseke munthu. Ndi lamulo la kuno.

Nyumba ya malamulo ya Australia inavomereza lamuloli mu Novembala 2024, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 10 Disembala 2025. Likuti mwana wosakwana zaka 16 asakhale ndi akaunti pa Facebook, Instagram, TikTok, Snapchat, X, ngakhale YouTube. Mwana wanuyu ali ndi zaka 14, ndiye akaunti zake anazitseka eni makampaniwo. Sanalakwe kanthu. Mwana kapena kholo salipitsidwa, chindapusa chimagwera kampani ikalekerera, mpaka madola a kuno 49.5 miliyoni.

Mwina mufunsa kuti zaka za munthu amazidziwa bwanji. Akakukayikira, foni imakuuza kuti yang'ana kamera, tembenuza mutu uku ndi uku, kenako makina amayerekeza zaka zako poona nkhope. Njira ina ndi kuonetsa chiphaso, kwina banki ndiyo imatsimikiza. Makinawo nthawi zina amaphonya, makamaka kwa ana a zaka 15, 16 ndi 17 omwe nkhope zawo sizisiyana kwenikweni, ndiye ana ena akuzembabe.

Apa ndi pamene ndikufuna thandizo lanu. Ndadziwa kuti anapempha msuweni wake, mnyamata wanu wamkuluyo, kuti amutsegulire akaunti ndi nambala ya ku Malawi. Chonde mumuuze asayerekeze. Ndipo wina aliyense asatumize chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena pasipoti kuti mwana alowere pa dzina lake. Chiphaso chikachoka m'manja mwanu simudziwa kumene chikafike.

Ine lamuloli ndagwirizana nalo, ndisakubisireni. Mwana ankadya nsima dzanja lina lili pa foni, usiku kuwala kukutuluka pansi pa bulangete, m'mawa maso ofiira popita kusukulu. Tikamuletsa ankati anzake onse ali pompo. Pano mawu amenewo alibenso mphamvu. Analira ndithu poyamba, ndipo ine zinandikhudza, chifukwa n'kumene ankaonera zithunzi za kumudzi ndi za azisuweni ake.

Tsono muchite chonchi. WhatsApp lamuloli silinaikhudze, nambala yake ndi yomwe ija. Zithunzi za chinkhoswe ndi za ana muzimutumizira kumeneko, kapena muziponya m'gulu lathu la banja. Amayi akafuna kumuona nkhope, muziwaimbira pa vidiyo. Kumbukirani kuti ife tili patsogolo ndi maola 6: kwanu ikamakwana 12 koloko masana, kuno ndi 6 madzulo, iye atabwera kusukulu. Lamulungu mukangoweruka ku tchalitchi ndi nthawi yabwino. Ya bandulo nditumiza Lachisanu. Moni kwa alamu ndi ana onse.