Mphwanga, mvera za ngalandezo musanayambe kuthira konkire

Eee mphwanga, wadzuka bwanji? Uthenga wako ndauwona usiku, koma zolemba ndi zala zangazi ayi, bola ndingolankhula. Umvetsere mpaka kumapeto, usadumphe.

Ndiye wati akupatsa saiti, malo omangapo nyumba, yoti uyang'anire, ndipo chipepala cha kukhonsolo chija chikukuzunguza mutu. Chabwino. Masamba onsewo nkhani yake ndi imodzi: m'ngalande ya madzi amvula mumalowa madzi amvula basi. Basi. China chilichonse ndi mlandu. Sopo ndi mlandu, matope ndi mlandu, penti, oyilo, ngakhale udzu wotchetcha, inde udzu. Zololedwa zilipo zochepa, monga madzi a ozimitsa moto, koma iwe sukuzimitsa moto, ukumanga nyumba.

Tsono choyamba... ayi dikira, ndiyambe ndi chifukwa chake, apo ayi uziti nkhalamba ikungovuta. Pansi pa msewu pamadutsa mapaipi amitundu iwiri. Ina ndi ya suweji, yochokera kuchimbudzi, kusinki, kubafa. Imeneyo imapita kumalo oyeretserako madzi. Inayo, ya mvula, ija ili ndi chitsulo cha mipatamipata m'mphepete mwa msewu, imeneyo siipita koyeretsa. Imangolunjika kumtsinje. Palibe sefa, palibe mankhwala, palibe aliyense akuidikirira kutsogoloko. Ukathira m'mawa, masana nsomba zamwa. Ilipo mizinda yakale, ngati mbali zina za London, komwe anaphatikiza zonse m'paipi imodzi, koma usadalire zimenezo. Iwe uziyesa kuti ngalande iliyonse ya pamsewu ndi pakamwa pa mtsinje. Ku Canada mpaka ana asukulu amajambula nsomba yachikasu pambali pa ngalande, anayamba ku Calgary mu 1991, kuti munthu asanathire aone kaye nsombayo, achite manyazi.

Ndipo usadabwe kuti a khonsolo amalusa. Nawonso ali ndi owalamula. Ku America, lamulo lawo la madzi, Clean Water Act la 1972, analiwonjezera mu 1987 kuti likhudzenso madzi amvula, moti mizinda imatenga chilolezo cha zomwe ngalande zake zikulavulira kumtsinje. Ndiye mzinda ukapanikizidwa kumwambako, umatsikira pa iwe. Malamulo amasiyana mzinda ndi mzinda, werenga a kwanuko, koma mutu wake ndi womwewo.

Eya, choyamba chija. Usanatsitse ngakhale thumba limodzi la simenti, yenda pasaiti ponse, uwerenge ngalande zonse, ndi za kunja kwa mpanda zomwe. Tenga ndowa ya madzi oyera, uthire pansi, uone akuthamangira kuti. Maso amanama, madzi sanama. Kumene athamangireko n'kumene uteteze. Pachitsulopo uyale nsalu yosefera ija, uzungulize matumba a miyala ing'onoing'ono. Osatsekeratu, wamva? Osatsekeratu. Ukatsekeratu, mvula ikabwera msewu usanduka dziwe, oyandikana nawo akudya wamoyo. Cholinga n'chakuti madzi adutse, matope atsale. Mvula ikakata, kachotse matopewo ndi fosholo.

Tsopano konkire. Apa khala pansi, chifukwa apa m'pamene ine ndinagwa chagada.

Mukamaliza kuthira, anyamata amatsuka mikisa, mawilibala, mafosholo. Madzi otsukirawo akhale ndi pake. Kumba dzenje kutali ndi ngalande, kutali ndithu, osati masitepe atatu. Uyalemo pulasitiki wochindikala, wopanda bowo, atulukire m'mbali. Onse azitsukira mmenemo. Ndi lole ya konkire yomwe, dalaivala asakuuze kuti ndili pachangu nditsukire pamsewu pompa. Ayi. Mlandu umatsala ndi mwini saiti, iye wapita.

Ine zonsezi ndinachita. Dzenje ndinakumba, pulasitiki ndinayala, ndikudzimva kuti ndine katswiri. Dzenje linadzadza Lachinayi madzulo. Lachisanu m'mawa ndikupita, ndikupeza simenti yonse yadikha pansi, pamwamba madzi ali mbee, kuwala ngati a pampopi. Ndinati aa, awa ndi madzi abwinobwino. Ndinauza mnyamata atunge apamwambawo ndi ndowa, azithira m'ngalande, dzenje lipeze malo. Ndowa kaya zingati, zambiri ndithu.

Ukundimva? Madzi anali oyera. Oyera m'maso. Apa m'pamene anthu amasokonezeka, ndiye ndibwereze. Kudikha kumachotsa matope okha. Ukali wa simenti umatsala m'madzimo, unasungunuka, suoneka. Paja pali muyeso wa ukali wa madzi uja amati pH. Madzi wamba amakhala cha pa 7. Madzi otsukira konkire amafika cha pa 12. Usati zangosiyana ndi manambala asanu, ayi, nambala iliyonse ukakwera ndi kuchulukitsa kakhumi. Kakhumi, kakhumi, kakhumi, mpaka kasanu. Si waona mmene simenti imang'ambira zala ukaigwira tsiku lonse opanda magolovesi? Ndiye ganizira nsomba, imene imapumira m'madzi omwewo.

Masana ake kunabwera mayi wina wa kukhonsolo, wovala magambuti, sanakweze mawu n'komwe. Anachokera kumunsi, potulukira paipi, wina atawaimbira kuti tinsomba tayandama. Anangotsata manholo ndi manholo, mabowo azivundikiro aja otsikira kumapaipi, kutsegula, kuyeza, kutseka, mpaka pageti pathu. Pachitsulo cha ngalande panali poyera ngati pathiridwa phulusa, pomwe madzi anaumira. Ine ndikuti mayi, tinathira oyera okhaokha. Iwo anangotulutsa kapepala kakang'ono koyezera pH, ngati kachitsotso ka machesi, n'kuviika m'dzenje langa lija. Kapepala kanasintha pomwepo, kuchita bii, mtundu wa kumapeto kwenikweni kwa tchati chawo. Anandionetsa, osanena kanthu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo, mphwanga. Chindapusa tinalipira, ntchito inaima, ndiponso otsuka paipi tinawalipira ndife.

Ndiye dzenje likadzadza utani? Usatunge. Ndati usatunge n'kuthira paliponse. Uwasiye aphwe okha ndi dzuwa, zotsalazo zikauma gwa uziphwanye, zipite ndi zigumukire za konkire kotaya kovomerezeka. Kukachita mdima wa mvula, vundikira, lisasefukire. Ngati ntchito ndi yambiri, kumba lachiwiri loyamba lisanadzadze, kapena itana a galimoto zopopa madzi oipa adzawatenge. Ena amawabwezera mu mikisa, koma zimenezo ufunse injiniya kaye. Ine tsopano ndimakumba awiri tsiku loyamba lomwe.

Chinanso... ndimati chiyani? Eya, penti. Penti wamadzi, pukuta kaye burashi pa nyuzipepala kapena kasanza, kenako utsukire pasinki yopita ku suweji, ngati kwanuko amalola. Penti waoyilo ndi thina wosungunulira pentiyo, amenewo ngakhale musinki salowa. M'chitini chotseka, apite kumalo olandirira zinyalala zoopsa. Panali mkulu wina tinkagwira naye, dzina ndisatchule, wopenta waluso zedi, koma khutu gwaa. Ndinamuuza kangapo. Iye ankati, ine ndayamba kupenta iwe usanamere mano. Tsiku lina anatsukira marola ake onse pangalande, penti wake wa buluu. Buluu! Bola akanakhala woyera mwina akanakana. Mzere unachoka pakhomo pomwe ankapentapo mpaka pachitsulo, ngati wachita kulemba keyala yake. Mwini nyumba atalandira kalata ya kukhonsolo, anamuchotsa tsiku lomwelo.

Mchenga ndi dothi, vundikira ndi lona, zimenezo ukudziwa. Matayala a malole asamatulutse matope pamsewu, yala miyala pageti. Ndipo msewu ukada, sesa. Tsache ndi fosholo. Usalole mnyamata atenge paipi ya madzi kuti autsuke, chifukwa kutsuka msewu n'kukankhira zonse m'ngalande momwemo. Anyamata amakonda paipi, imafulumira, uziwayang'ana makamaka nthawi yoweruka.

Oyilo ndi dizilo zikhale pansi pa denga, pa thireyi yoti ikadontha iwakhe. Zikatayika, tseka kaye komwe zikuchokera, kenako thamangira kungalande ukatchinge, kenako thira utuchi kapena mchenga wouma, usese, uike m'thumba. Osathira madzi. Osathira sopo kuti zisaoneke, sopo amangobalalitsa oyiloyo n'kupita naye kutali. Zikalowa ndithu m'ngalande, imba foni kukhonsolo wekha, nthawi yomweyo. Ndikudziwa mtima umati bisa. Usabise, mayi wa magambuti uja amafika ndithu, ndipo amasiyanitsa wodzinenera yekha ndi wochita kugwidwa. Nambala yawo ulembe pachitseko cha sitolo ya zipangizo, aliyense aziiona.

Uzijambulanso zithunzi pafoni, mvula isanagwe ndi itagwa. Dzenje, matumba, zitsulo zonse.

Aa, ndaiwala, za pulasitiki uja. Usatenge wakale wovundikirira njerwa, amakhala ndi timabowo tosaoneka. Umuyang'anitse kudzuwa kaye. Mawa ukakumba, unditumizire chithunzi ndione mtunda wake kuchoka pangalande, musanasakanize kalikonse.