Tripod yoyamba: musaiweruze ndi kutalika kwake

[Tripod ziwiri zaimikidwa pansi, kamera ili patebulo]

Muli bwanji nonse? Lero tikukamba za tripod, sitandi ya miyendo itatu yoikapo kamera, makamaka kwa inu amene mwangoyamba kujambula ndipo m'thumba muli mopepuka. Muno mu Lusaka mudzazipeza m'mashopu a ku Kamwala ndi m'tauni, zina zogwiritsidwapo kale zimagulitsidwa pa Facebook. Zambiri zimakopa maso chifukwa ndi zazitali ndiponso zopepuka, koma zimenezo si zimene zimagwira kamera.

Yambani ndi kulemera kwa zida zanu. Kamera ngati Canon EOS 2000D yokhala ndi lenzi ya 18-55mm sifika kilogalamu imodzi. Mukaika lenzi ya 75-300mm ndi flash pamwamba, mwayandikira kilogalamu imodzi ndi theka. Pamenepo funani tripod yolembedwa kuti imanyamula makilogalamu 4 kapena 5. Nambala ya pabokosi musaikhulupirire kwambiri, chifukwa kampani iliyonse imayeza m'njira yakeyake.

[Kamera iyandikire pa mutu wa tripod]

Mutu, mbali ya pamwamba pa miyendo imene imagwira kamera, ndiwo umanena zoona. Tripod zotchipa kwambiri zimakhala ndi mutu wa pulasitiki womatidwira ku miyendo, ukathyoka basi mwataya zonse. Yabwino imakhala ndi mutu womasuka, womangidwa ndi sikuluu ya 3/8 inchi, moti tsiku lina mutha kugula mutu wina miyendo n'kukhala yomweyo. Wojambula zithunzi asankhe ball head, mutu wokhala ndi kampira m'kati, chifukwa umamangidwa ndi kotembenuza kamodzi kokha. Wojambula mavidiyo a ukwati kapena chilanga mulilo akufunika fluid head, uja wa chogwirira chachitali, womwe umatembenuka pang'onopang'ono osadumpha. Ball head pa vidiyo imavutitsa, chithunzi chimapendekeka mukangoimasula.

Pamwamba pa mutu pali kambale kamene mumamangira kunsi kwa kamera. Sikuluu yake ndi ya 1/4 inchi, ndipo imalowa pafupifupi pa kamera iliyonse. Nkhani ili pa kambaleko. Ngati ndi ka mtundu wa Arca-Swiss, kakatayika mupeza kena mosavuta chifukwa makampani ambiri amapanga kofanana. Ngati ndi kapadera ka tripod yopanda dzina, kakatayika tripod yasanduka chokolekapo zovala. Pogula yakale, kambale kakhalepo. Wogulitsa akati "kali kunyumba, ndibweretsa mawa", ndalama zanu zidikirenso mawa lomwelo.

Kutalika kuyezeni mzati wapakati, uja wokwezera mutu m'mwamba, uli pansi. Mukaukweza mzatiwo, kamera imakhala pa mwendo umodzi m'malo mwa itatu, ndipo kamphepo kochepa kamaigwedeza. Kwa anthu ambiri, masentimita 140 kufika 150 popanda mzati ndi okwanira, poti kamera yeniyeniyo imawonjezera pafupifupi 10. Miyendo ikhale ya zigawo zitatu kapena zinayi. Zikachuluka, chigawo chapansi chimawonda ngati pensulo ndipo chimapindika.

Tripod zopangidwa ndi carbon fibre m'malo mwa chitsulo ziiwaleni kaye. Ndi zopepuka, inde, koma mtengo wake mutha kugulira lenzi. Aluminiyamu ikukwanirani.

[Wofotokoza atambasula miyendo yonse]

Tsopano mayeso, ndipo muwachitire m'shopu momwemo musanalipire. Pitani ndi kamera yanu. Tambasulani miyendo yonse, mangani zotsekera zigawo za miyendo, kenako kanikizani pamutu ndi chikhatho. Mwendo wina ukalowa m'kati, chotsekera chatha mphamvu. Zotsekera zopinda zina zimakhala ndi kasikuluu komangitsa ndi Allen key, zimenezo zimakonzeka, koma zokhomedwa ndi riveti sizikonzeka. Kenako gwirani pamwamba ndi manja awiri mupotoze ngati mukutsegula botolo. Ikagwedera, isiyeni.

Ikani kamera ndi lenzi yanu yaitali, lozani pa chikwangwani chakutali, mangani mutu, chotsani dzanja. Chithunzi chikatsika chokha, mutuwo sukugwira. Pomaliza kulitsani chithunzi pa sikirini kakhumi, gogodani mwendo umodzi ndi chala, muwerenge masekondi. Kunjenjemera kuthe m'masekondi awiri kapena atatu. Kukapitirira, zithunzi zanu zausiku, kapena za m'nyumba magetsi atazima, zidzatuluka zosaoneka bwino ngakhale kamera ili pa sitandi.

Mukafika nayo kunyumba, mdani wamkulu ndi fumbi, makamaka la mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo ikamawomba. Limalowa m'zotsekera n'kumadya pulasitiki ya m'kati ngati sandipepa. Pukutani miyendo ndi kansalu konyowa pang'ono, iume, ndiye muipinde. Mafuta ophikira musapake, amangoitana fumbi lina. Nyengo ya mvula chimodzimodzi, matope achoke tsiku lomwelo.

Poimika, mwendo umodzi uloze kumene lenzi ikuloza, kuti kamera isagwe chafufumimba. Yambani kutulutsa zigawo zonenepa zapamwamba, zowonda zikhale zomaliza. Ngati kunsi kwa mzati kuli ngowe, kolekani chikwama chanu, koma chikhudze pansi pang'ono kuti mphepo isachiyendetse uku ndi uku. Ndipo pojambula, ikani taimala ya masekondi 2, dinani batani, chotsani dzanja, kamera ijambule yokha.