Agogo a ku England, zidzukulu zawo ndi nkhani ya udindo

Moni nonse kulikonse kumene mukumvera, kaya ku Lilongwe, ku Joni, kapena muli m'basi kuno ku England mukuchokera ku shifiti ya usiku. Ndine mlongo wanu wa ku Leeds uja.

Ambiri mukudziwa kuti ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Agogo amene timawasambitsa ndi kuwadyetsa, ambiri anabadwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Anakulira m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chakudya ankagula ndi kabuku ka boma, aliyense mlingo wake, ndipo lamuloli linatha mu 1954, nkhondo itatha kalekale. Ndiye musadabwe mukaona agogo akukulunga kachidutswa ka buledi m'pepala n'kukabisa m'thumba. Anyamata a nthawiyo akakwana zaka 18, boma linkawatenga kupita ku usilikali, afune asafune, mpaka linasiya kuitana mu 1960. Kudandaula sadziwa anthu amenewa. Mwendo utupe chotani, mukawafunsa amangoti ali bwino, muyambe mwathandiza wa chipinda chinacho.

Ife a ku Malawi tikangofika kuno timafulumira kuweruza. Timati ana a azungu alibe umunthu, anataya makolo. Mwana amabwera Lamlungu ndi maluwa, ola limodzi basi, wapita. Komatu nkhaniyi inayambira patali. Mu 1948 boma la Clement Attlee linakhazikitsa NHS, ntchito ya boma yopereka chithandizo cha kuchipatala, ndipo maganizo ake anali oti munthu akadwala asamadalire chifundo cha m'bale kapena cha bwana. Aliyense azipereka msonkho, boma lizisamalira onse. Ana obadwa pambuyo pake anakula akudziwa kuti udindo wawo umadulidwa pa malipiro mwezi ukatha. Anawaphunzitsa zimenezi ndi makolo omwewa, amene lero mukawauza zokakhala kwa mwana wawo amakana kwamtuwagalu, ati safuna kulemetsa munthu.

Ndipo kumalo osamalira okalamba ngati kumene ndimagwira ntchito kuno si kwaulere ayi. Ku England, munthu amene chuma chake chikuposa £23,250 amadzilipirira yekha. Nthawi zambiri nyumba imene agogo anaivutikira moyo wonse imagulitsidwa, ana n'kutsala opanda cholowa. Ena mwa ana amene timawanenawa amasaina mapepala ogulitsira nyumba ya mayi awo misozi ili m'maso.

Zidzukulu ndiye zina. Pachisankho cha 2024 Rishi Sunak, amene anali nduna yaikulu ya dziko lino panthawiyo, analonjeza kubwezeretsa ntchito yotumikira dziko kwa a zaka 18. Achinyamata amene ndimagwira nawo ntchito anaseka mpaka kugwira nthiti. Mtsikana wina anandifunsa kuti atumikire dziko liti, dziko loti lendi ikumutha malipiro ndipo nyumba sadzagula. Koma mtsikana yemweyo Loweruka amakathandiza kumalo ogawira chakudya osauka popanda womutuma, ndipo nthawi ya Covid mu 2020 ankagulira zinthu okalamba a mumsewu wa kwawo. Kuthandiza amafuna, bola asankhe yekha woti amuthandize. Boma likangolamula, watseka makutu.

Ine ndikaona zimenezi ndimakumbukira bambo anga, amene mpaka lero amatchula nsanamira zinayi za Kamuzu mosaphonya: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pa sabata ya achinyamata ankalambula misewu ndi kuumba njerwa za sukulu, ngakhale kuti mantha analiponso, tisanamizane. Itafika 1994 tinayamba kunena kuti ndi za boma izo. Kusiyana kwake n'kwakuti azungu atatula katunduyo boma linamulandira, pomwe kwathu palibe anamulandira. Anabwerera pamutu pa achibale, makamaka ife amene tili kunja. Fizi, feteleza, bokosi la maliro, zonse zimadikira foni ya WhatsApp.

Mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, tsiku lina anandifunsa chifukwa chimene ndimalipirira fizi mwana wa achimwene anga pomwe bambo ake ali moyo. Ndinamuuza kuti inenso fizi yanga analipira ndi amalume. Anagwedeza mutu, kenako n'kufunsa ngati iyenso adzayenera kumatumiza ndalama ine ndikadzapuma ntchito. Sindinamuyankhe tsiku limenelo.

Inu amene muli ndi ana obadwira kunja, mumawayankha chiyani? Nditumizireni mawu anu, tidzawamvetsera limodzi sabata yamawa. Tsalani bwino.