Makalata a omvera: galimoto imene kampani inaigulanso kwa mwini wake, tiigule?

Takulandirani ku gawo la makalata, inu amene muli pa ntchito ya usiku ku America, komanso inu akumudzi amene mwangodzuka kumene. Sabata ino makalata onse ndi a galimoto zokhazokha, ngati munachita kupangana. Ndiyamba ndi imene yandikhudza kwambiri, yochokera kwa mayi wina wa ku South Bend, Indiana.

"Zikomo achimwene chifukwa cha pulogalamu yanu. Ine ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo pa tsiku ndimayenda mamailosi pafupifupi 60. Ndapeza galimoto ya 2022 yomwe yangoyenda mamailosi 21,000. Zinzake zofanana nayo akugulitsa madola 22,000 koma iyi akuti 18,500. Nditafunsa chifukwa, wogulitsa anati kampani yomwe inaipanga inaigulanso kwa mwini wake woyamba chifukwa cha lemon law, koma vutolo linakonzedwa, inali nkhani ya kompyuta basi. Akuti ndikapanda kusaina pofika Loweruka apatsa wina. Bambo akunyumba akuti tigule, ine mtima ukukana. Ndithandizeni."

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanasaine. Ambiri amatilembera galimoto ili kale pa galaja.

Tiyambe ndi lamulolo. Ku America sitete iliyonse ili ndi lake. Connecticut ndi imene inayamba mu 1982, ena nkutsatira. Mfundo yake ndi yakuti munthu akagula galimoto yatsopano, nkupezeka ndi vuto lalikulu lomwe akulephera kulikonza ili pa waranti, kampani iyenera kumubwezera ndalama kapena kumupatsa ina. Kwanu ku Indiana, vutolo liyenera kuonekera m'miyezi 18 kapena mamailosi 18,000 oyambirira, ndipo akhale kuti ayesa kulikonza kanayi osatheka, kapena galimoto yakhala pa galaja masiku 30 ogwira ntchito. Ku California nkofanana, koma kumeneko vuto loti lingaphe munthu, monga la mabuleki, kuyesa kawiri kokha nkokwanira. Ndiye mvetsani apa: galimoto imene mukuionayo, amakaniko a kampani yomwe inaipanga, okhala ndi makina onse ndi mabuku onse, mwina analimbana nayo mobwerezabwereza. Funso lanu lonse lagona pamenepa. Chinawakanika nchiyani, ndipo anadzachitha bwanji?

Mawu akuti "inali nkhani ya kompyuta basi" si yankho. Galimoto za masiku ano zili ndi makompyuta ambiri. Ina imayang'anira wailesi ndi sikilini, ina injini, ina giyabokosi, ina mabuleki. Sikilini ikazima mukhoza kufika kunyumba. Ya injini ikabalalika muli pa msewu waukulu, matiraki akukupanikizani kumbuyo, imeneyo ndi nkhani ya moyo.

Choncho bwererani kwa wogulitsayo mukapemphe zinthu ziwiri. Choyamba, chikalata choulula chomwe lamulo limafuna kuti wogula aonetsedwe ndi kusainira, chimene chimatchula vuto lomwe anaibwezera. Chachiwiri, mapepala a ku galaja, amene amawatcha repair orders. Pepala lililonse limalemba tsiku, mamailosi, dandaulo la mwini galimoto, chomwe makaniko anapeza ndi chipangizo chomwe anasintha. Awerengeni motsatana masiku. Mukaona mawu akuti could not duplicate akubwera kawiri katatu, dziwani kuti makaniko sanalione nkomwe vutolo, chifukwa ndi lija limabwera nkupita lokha. Tsopano chinthu chomwe sanachipeze anachikonza bwanji? Pepala lofunika kuposa onse ndi lomaliza, lolembedwa kampani itaigula kale. Likhale ndi dzina la chipangizo chimene anaika ndi nambala yake. Likangonena kuti anaiyendetsa ndipo ili bwino, abwezereni makiyi.

Sindikunena kuti galimoto zonse zotere nzoipa, ayi. Zina zimabwezedwa chifukwa chipangizo chinachedwa kufika, masiku 30 aja nkukwana galimoto ili chikhalire. Mu 2021 ndi 2022 zipangizo zamagetsi zinkasowa padziko lonse, ndipo magalimoto ambiri ankadikira nthawi yaitali kachinthu kakang'ono. Kachinthuko katafika, vuto linatha. Chitsanzo china ndi Chevrolet Bolt. Mabatire ake ena ankagwira moto chifukwa cha zolakwika za ku fakitale, ndipo pofika 2021 General Motors inaitanitsa zonse za 2017 mpaka 2022. Zina inazigulanso kwa eni ake. Zimene anaziika batire latsopano zinalandira waranti yatsopano ya batirelo ya zaka 8 kapena mamailosi 100,000. Apa vuto likudziwika, mankhwala ake akudziwika, pepala lilipo. Yerekezani ndi giyabokosi ya PowerShift ya mu Ford Focus za 2012 mpaka 2016 ndi Fiesta za 2011 mpaka 2016. Galimoto zinkanjenjemera ponyamuka, anthu ankasinthitsa kalachi, pakapita nthawi nkuyambiranso, mpaka nkhani inafika ku khoti ndipo kampani inatalikitsa waranti. Vuto likakhala m'kapangidwe, chipangizo chatsopano chimabwera ndi matenda omwewo. Galimoto yobwezedwa chifukwa cha giyabokosi, injini yozima yokha, chiwongolero, mabuleki kapena mawaya ovuta kulondola, ine ndimati ayi, ngakhale atsitse mtengo chotani. Yolowa madzi nayonso isiyeni, chifukwa madzi amakhala pansi pa kapeti nkumadya mawaya pang'onopang'ono.

Tsopano waranti. Ku Indiana kampani ikamagulitsanso galimoto yotere iyenera kupereka waranti ya miyezi 12 kapena mamailosi 12,000, chimene chayambe kukwana. Wogulitsa akuuzani kuti muli ndi chaka chathunthu. Koma inu mayi mumayenda mamailosi 60 pa tsiku. Masiku asanu pa sabata ndi 300, ndiye 12,000 yatha m'masabata 40, osawerengera za ku tchalitchi ndi kokagula zinthu. Mukamagwiranso Loweruka, miyezi isanu ndi itatu siikwana. Funsaninso ngati waranti yoyamba ya fakitale ikadalipo, makamaka ya injini ndi giyabokosi, ndipo musamve za pakamwa. Imbani ku kampani yeniyeniyo, muwapatse VIN, akuuzeni tsiku limene ikutha.

VIN imeneyi ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17, ili pansi pa galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala komanso pa chitseko. Ndi imene itsegule zonse. Ilembeni pa tsamba la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, mwaulere, muone ngati pali recall (vuto lomwe kampani inaitanitsira galimoto kuti ilikonze) yomwe sinakonzedwe. Pomwepo muonenso madandaulo a anthu ena pa mtundu womwewo ndi chaka chomwecho. Ngati anthu ambiri akulira ndi vuto lofanana ndi la galimoto yanuyo, ndiye kuti silinali tsoka la galimoto imodzi. Kenako gulani lipoti la NMVTIS, lomwe limasonkhanitsa zolembedwa pa title (chikalata cha umwini wa galimoto) m'masitete osiyanasiyana, ndi la Carfax kapena AutoCheck.

Mukatero ipititseni kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsayo. Mumulipire, ndalama imeneyo musaiumire. Alowetse makina ake pa soketi ya OBD ili pansi pa chiwongolero. Asangoona ngati nyale ya check engine yayaka, chifukwa imeneyo munthu akhoza kuizimitsa m'mawa womwewo. Aone ma readiness monitors, amene amaonetsa ngati kompyuta ya galimoto yamaliza kudziyesa yokha. Akapeza ambiri akuti not ready, ndiye kuti makodi afufutidwa posachedwa kapena batire linachotsedwa, ndipo mufunse chifukwa chake. Ilizeni injini itazizira, yagona usiku wonse. Iyendetseni mphindi zosachepera 30, m'tauni moima ndi kunyamuka, komanso pa msewu waukulu. Ngati mapepala akuti vuto linkabwera kukazizira, ndipo inu mukuiyesa mu Julayi, dziwani kuti simunaiyese. Chisanu cha ku Indiana mukuchidziwa kuposa ine.

Titsirize ndi ndalama, pakuti ndi pamene pakopeka bambo akunyumba. Moni bambo, tikudziwa mukumvera, ndipo kufuna kupulumutsa ndalama si mlandu. Koma madola 3,500 amene atsitsa pa mtengowo si mphatso. Title ya galimotoyo inadindidwa, ku Indiana amalemba kuti Manufacturer Buyback, ku California amati Lemon Law Buyback ndipo amamatanso chizindikiro pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Chidindo chimenechi chimayenda ndi galimoto. Tsiku limene mudzafune kuigulitsa kapena kusinthitsa, nanunso adzakudulani mtengo. Ikadzachita ngozi nkutheratu, a inshulansi adzawerengera mtengo wa galimoto yodindidwa, pamene ngongole yanu ku banki mwina idzakhala yoposa pamenepo. Mabanki ena sabwereketsa nkomwe pa title yotere, ena amakweza chiwongoladzanja. Imbirani banki yanu kapena credit union ndi a inshulansi musanasaine, muwauze zoona zake, akupatseni mitengo yawo polemba.

Maganizo anga ndi awa, mayi. Galimoto yotere imayenera munthu amene adzaisunga mpaka itakalamba, amene ali ndi ina pakhomo yoti akwere iyi ikavuta, ndipo waona ndi maso ake pepala la chomwe chinakonzedwa. Inu ntchito yanu ili pa matayala. Galimoto ikagona ku galaja sabata ziwiri, waranti idzalipira makaniko koma siidzalipira maola amene mwataya, ndipo gogo amene akukudikirani ndi mankhwala ake sangadikire. Wogulitsa akabweretsa mapepala onse, nkupezeka kuti inali sikilini kapena chipangizo chochedwa, makaniko wanu nkuvomereza, kambiranani mtengo utsikenso ndipo gulani. Akayamba kuzemba, isiyeni. Za Lowerukazo musatekeseke nazo, magalimoto ku America sadzatha.

Mundilole ndidzudzule pang'ono, chifukwa makalata anayi sabata ino akunena chinthu chimodzi. Abale anga, tikusaina mapepala osawerenga. Munthu wagwira ntchito maola 16, wafika pa malo ogulitsira ali wotopa, amuikira mulu wa mapepala, akungolozeredwa posaina. Chikalata choulula chija chimakhala m'katikati mwa mulu womwewo, ndipo mukachisaina lamulo limati munauzidwa. Ena timachita manyazi kufunsa, kuopa kuti atiyesa osadziwa Chingerezi. Manyaziwo ndi odula kwambiri. Pemphani kuti muwerenge mutakhala pansi, kapena pitani ndi mnzanu amene sakuifuna galimotoyo, chifukwa maso ake amaona zimene anu akulumpha. Yang'anani pepala la Buyers Guide lomwe lamulo limafuna kuti likhale pa windo la galimoto iliyonse yakale imene dila akugulitsa, muone ngati achonga kuti As Is, kutanthauza kuti dila sakupereka waranti yake. Ndipo ife tokhatokha tisamapwetekane. Ukudziwa kuti galimoto yako ili ndi chidindo, nkukaigulitsa kwa m'bale wangofika kumene, amene sadziwa kuti title ndi chiyani, chifukwa choti mumapemphera limodzi ndipo sangakufunse zambiri. Zimenezo si zabwino, tisiye.

Achimwene a ku Dallas akuti anagula galimoto title yake ili yoyera, koma Carfax ikuonetsa kuti kampani inaigulanso ku sitete ina. Zimachitika, achimwene. Masitete sadinda mofanana, ndipo galimoto ikasamutsidwa chidindo china chimatayika panjira. Zina kampani imazigula mwa mgwirizano mlandu usanafike patali. Sungani pepala lililonse, kadandauleni ku Texas Department of Motor Vehicles, ndipo muonane ndi loya wa nkhani za ogula.

Achemwali a ku Seattle akufunsa ngati lemon ndi salvage nzofanana. Ayi. Salvage ndi galimoto imene a inshulansi anaiona kuti yawonongeka kwambiri, pa ngozi, moto kapena madzi osefukira. Lemon inabwezedwa chifukwa cha vuto la ku fakitale.

Bambo a ku Johannesburg, lemon law yomwe tikukambayi ndi ya ku America. Kwanuko muli ndi Consumer Protection Act ya 2008, imene imakupatsani miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wosalongosoka amene mwagula kwa wamalonda, ndipo mumasankha kuti akonze, asinthe kapena abweze ndalama. Inu a ku Leeds, Consumer Rights Act ya 2015 imakupatsani masiku 30 oikana galimoto yavuto yogula kwa dila. Mukagula kwa munthu wamba chitetezo chimenechi mulibe.

Kalata yomaliza yachokera ku Lilongwe. Mnyamata wina akuti malume ake a ku America apeza galimoto yotere yotchipa ndipo akufuna kumutumizira. Iwe mphwanga, athokoze malume, koma uwauze aganizenso. Chinthu chokha chomwe chimapangitsa galimoto yobwezedwa kukhala yogulika ndi waranti ya kampani, ndipo waranti imeneyo ikagwira ntchito kwa madila a ku America, osati ku Lilongwe. Chiwongolero chake chili kumanzere pamene ife timayenda kumanzere kwa msewu, kupitirira lole pa M1 kudzakuvuta. Zipangizo za mitundu yambiri ya ku America uzidzaitanitsa kunja nkumadikira. Ndalama yomweyo, kuphatikiza ya sitima ndi msonkho wa MRA, ikhoza kukugulira ya ku Japan imene makaniko aliyense wa ku Biwi amaidziwa. Ukatero upemphe auction sheet yake, pepala lonena mmene galimotoyo inalili poigulitsa pa okushoni ku Japan, ndipo ukaona giredi R udziwe kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa.

Mayi a ku South Bend, mapepala aja mukawapeza titumizireni, mutafufuta dzina ndi adiresi, tidzawerengere limodzi sabata yamawa.