Nyumba ya Ismail Kadare ku Gjirokastër, kumene mwana ankalankhula ndi chitsime

Amene mukuona kutsogolo kwathuku ndi madenga a chigawo chakale cha mzinda wa Gjirokastër, kum'mwera kwa dziko la Albania, pafupi ndi malire a dziko la Greece. Mukayang'anitsitsa muona kuti nyumba zimenezi anazifolera ndi miyala yopyapyala yotuwa imene anaisanja umodzi pamwamba pa unzake, moti mvula ikangogwa mzinda wonse umanyezimira ngati mamba a nsomba. Makoma ndi amiyala, misewu ndi yamiyala, ndipo pamwamba pa zonsezi pali linga lalikulu limene limayang'ana chigwa cha mtsinje wa Drino. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Ife tabwera kudzaona nyumba imodzi yokha, ya m'dera lotchedwa Palorto, mmene munabadwira mlembi Ismail Kadare pa 28 Januwale 1936.

Kuti mufike pakhomopo muyenera kuyenda wapansi kuchokera kumsika wakale, ndipo muvale nsapato zogwira bwino chifukwa timisewu take ndi totsetsereka komanso miyala yake inasalala ndi mapazi a mibadwo yambiri. Pafupi ndi nyumbayi pali kanjira kopapatiza kamene eni mzinda amakatchula kuti Sokaku i të Marrëve, kutanthauza kanjira ka amisala. Dzinali silikuchokera m'mabuku a Kadare ayi, koma aliyense amene anawerengapo nkhani zake za mzindawu, zodzaza ndi agogo olosera tsoka ndi anansi amakhalidwe odabwitsa, amamwetulira akaliona.

Pali mfundo imene mlendo ayenera kuidziwa asanalowe, chifukwa imasintha mmene angaonere chilichonse m'katimo. Nyumbayi inamangidwa mu 1799, nthawi imene Albania inali pansi pa ufumu wa Ottoman, ndipo mu 1991 boma linailemba kukhala chimodzi mwa zinthu zotetezedwa za chikhalidwe. Koma mu 1999 moto unaiwononga kwambiri. Imene mukuiona lero ndi nyumba yokonzedwanso, ndi thandizo la UNESCO, ndipo inatsegulidwa kwa anthu pa 28 Januwale 2016, tsiku limene mlembiyo anakwanitsa zaka 80. Choncho matabwa ambiri amene mukuponda ndi atsopano, ndipo amene akuyembekezera kupeza bedi la mwanayo ndi zikho za amayi ake zili pamalo pamene anazisiya adzatuluka wokhumudwa. M'zipindamo muli mabuku ake m'zinenero zosiyanasiyana, zithunzi ndi zolembedwa zofotokoza moyo wake, ndipo malo ena ndi opanda kanthu. Ine ndikuona kuti zimenezi sizichotsa phindu la ulendowu, popeza chimene chinaumba mlembiyu ndi kamangidwe ka nyumbayo, kuya kwake ndi kutalika kwake, ndipo zimenezo zidakalipo.

Nyumba zikuluzikulu za ku Gjirokastër anazimanga mofanana ndi tinsanja ta nkhondo. Pansi pamakhala makoma ochindikala okhala ndi timazenera tating'ono, posungira chakudya, nkhuni ndi madzi, pomwe banja limakhala m'mwamba, m'zipinda zowala zokhala ndi mazenera ambiri. Popeza nyumbazi zili pamtunda wouma, kutali ndi mtsinje, eni ake ankakolola madzi a mvula. Madzi ochokera padenga ankadutsa m'ngalande ndi m'mipaipi mpaka kukagwera m'chitsime chachikulu chomangidwa ndi miyala m'kati mwenimweni mwa nyumba, ndipo banja linkatunga pamenepo m'miyezi yachilimwe.

Tiyeni tiime pa chitsime chimenechi kwa kanthawi, chifukwa ndi pano pamene pamayambira buku limene linadziwitsa dziko lonse za nyumbayi. Bukulo linatuluka mu 1971 ndi mutu wakuti Kronikë në gur, kutanthauza mbiri yolembedwa pamwala, ndipo m'Chingerezi limapezeka ndi dzina lakuti Chronicle in Stone. Wofotokoza nkhani ndi kamnyamata kamene kamakhulupirira kuti chilichonse m'nyumbamo chili ndi moyo. Usiku mvula ikamagwa, iko kamamvera chisoni madontho amene akugwera padenga lawo, chifukwa kakudziwa kuti akatsekeredwa mumdima wa pansipo osadzaonanso thambo. Masana kamavundukula chivindikiro n'kufuula m'chitsimemo, ndipo mawu ake akabwerera kamati chitsime chayankha. Nthawi zina kamatenga kalilole n'kuwalitsira madziwo kachidutswa ka thambo kuti akumbukire kwawo. M'mutu woyamba momwemo mvula yamkuntho imadzaza chitsime mpaka kuopseza maziko a nyumba, ndipo anansi amabwera pakati pa usiku ndi ndowa kudzathandiza kukapa madzi. Munthu akaima pamwamba pa dzenjelo n'kusuzumira, amamvetsa kuti mlembiyo sanachite kupeka zambiri. Mwana aliyense wokulira pamwamba pa phompho la madzi akuda ngati limeneli akanaliopa ndi kulikonda nthawi imodzi.

Tikakwera masitepe tifika pa mazenera a m'mwamba, ndipo apa m'pamene nkhondo inaloweramo m'moyo wa mwanayo. Italy inalanda Albania mu Epulo 1939, Kadare ali ndi zaka 3. Mu Disembala 1940 asilikali a Greece analowa mu Gjirokastër, mu Epulo 1941 mzindawu unabwereranso m'manja mwa Italy, ndipo Italy itagonja mu Seputembala 1943 kunabwera asilikali a Germany. Mwana wa zaka zosakwana 10 anaona mbendera zikusinthana palinga paja, ndalama zikusintha kumsika, ndipo m'bukumo amafotokoza mmene ankakhalira pazenera kuonerera bwalo la ndege limene linamangidwa m'chigwa, mpaka kuikonda ndege ina yaikulu osazindikira kuti ntchito yake ndi kupha anthu. Mabomba atayamba kugwa, chipinda cha pansi cha nyumba yawo chinasanduka pobisalira anthu a m'dera lonselo, ndipo kamnyamatako kankanyadira kuti nyumba yawo ndiyo yasankhidwa. Mphamvu ya bukuli ili pamenepa: owerengafe timaona zoopsa zimene mwanayo akuzifotokoza mosangalala, iye asakudziwa tanthauzo lake.

M'nyumba yomweyi ndi mmene Kadare, ali ndi zaka 11, anawerengera sewero la Macbeth la William Shakespeare, ndipo linamugwira mtima kwambiri moti anayamba kulikopera pamanja m'kope. Mwana wokhala pansi pa linga, mumzinda wa makoma ataliatali ndi mphekesera za kuphana, sanavutike kukhulupirira nkhani ya mfumu yophedwa usiku m'nyumba ya munthu amene anailandira ngati mlendo.

Si onse amene ankaikonda nyumbayi. M'buku lina la 2015 lotchedwa Kukulla, kutanthauza chidole, Kadare analemba za amayi ake, amene anakwatiwira m'banjali ali mtsikana kuchokera ku banja la a Dobi. Iwo ankaona nyumbayi ngati chinthu chozizira chimene chikuwadya pang'onopang'ono, makamaka chifukwa cha kusamvana kwawo ndi apongozi awo aakazi, amene anali mwini weniweni wa pakhomopo. Mukamayenda m'zipinda zazikuluzi, ndi bwino kukumbukiranso mayi ameneyu, chifukwa makoma amene ankapatsa mwana maloto ndi omwewo amene ankasungulumwitsa mtengwa.

Tsopano titulukeko pang'ono, tiyende mphindi zochepa m'dera lomweli la Palorto. Tifika pa nyumba ina yosungiramo zinthu za chikhalidwe cha anthu a kuno, imene ili pamalo pamene anabadwira Enver Hoxha mu 1908. Hoxha ndiye analamulira Albania kuyambira mu 1944 mpaka imfa yake mu 1985, pansi pa chipani chimodzi cha chikomyunizimu chimene chinatseka malire a dziko, chinatsekera ndi kupha anthu ochitsutsa, ndipo mu 1967 chinatseka matchalitchi ndi mizikiti yonse. Wolamulira wankhanzayo ndi mlembi wotchuka kwambiri wa dzikolo anali ana a mudzi umodzi, ndipo zimenezi zinamutsatira Kadare moyo wake wonse.

Nkhani ya ubale wake ndi boma limenelo ndi yovuta, ndipo sitingaibise pongofuna kumulemekeza. Ataphunzira ku yunivesite ya ku Tirana ndi ku sukulu ya zolembalemba ya Gorky Institute mumzinda wa Moscow, anatchuka ndi buku la 1963 lonena za mkulu wa asilikali wa ku Italy amene anabwera ku Albania kudzafukula mafupa a asilikali awo, ndipo litamasuliridwa m'Chifalansa mu 1970 dzina lake linamveka kunja. Anakhalapo phungu wa nyumba ya malamulo ya bomalo, ndipo analembapo buku limene linaonetsa Hoxha ngati mtsogoleri wolimba mtima pa nthawi imene Albania inkasemphana ndi Soviet Union. Komanso munthu yemweyo analangidwa mu 1975 chifukwa cha ndakatulo imene akuluakulu a chipani anaiona ngati yowanyoza, ndipo buku lake la 1981 lotchedwa Pallati i ëndrrave, lonena za ofesi ya boma yosonkhanitsa ndi kufufuza maloto a nzika zonse, linatsutsidwa poyera n'kuletsedwa. Mu Okutobala 1990 anathawira ku France kukapempha chitetezo. Alipo amene amamudzudzula mpaka lero kuti anapulumuka chifukwa chogonjera, ndipo sindinganene kuti funso lawo ndi lopanda pake. Koma ndikawerenga buku la maloto lija, ndimaona munthu amene anajambula nkhope ya ulamuliro wankhanza ali m'kamwa mwake mwenimweni, pamene kulakwitsa mawu amodzi kukanamutengera ku ndende, ndipo ndimamupatsa ulemu pa chifukwa chimenecho.

Dziko linamulemekeza ndi mphoto zingapo, kuphatikizapo Man Booker International Prize imene iye anali woyamba kuilandira mu 2005, chaka chomwecho chimene mzinda wake unalowa pa mndandanda wa UNESCO. Anamwalira ku Tirana pa 1 Julayi 2024 ali ndi zaka 88. Amene akufuna kuona malo amene ankalembera ali wamkulu apite ku Tirana komweko, kumene nyumba imene ankakhala ndi mkazi wake Helena kuyambira mu 1974 mpaka 1990 inatsegulidwa kwa anthu mu 2019. Kumeneko n'kumene mungaone malo ogwirira ntchito a mlembi wokhwima. Ya ku Gjirokastër ndi ya mwana amene anali asanadziwe kuti adzakhala mlembi.

Ngati mudzapeza mwayi wofika kuno, werengani mitu iwiri kapena itatu yoyambirira ya Kronikë në gur musananyamuke, ndipo mudzayambire pansi, pa chitsime, musanakwere kumazenera. Mukatuluka, kwerani kulinga, kumene kumachitikiranso chikondwerero cha nyimbo ndi magule a makolo a Albania kuyambira mu 1968, kenako mutembenuke kuyang'ana kumunsi, cha ku Palorto. Kuchokera pamenepo n'zovuta kusiyanitsa denga la a Kadare ndi madenga ena otuwa amene alizungulira, ndipo mungafunike kupempha munthu wa mumzindamo kuti akulozereni.