Dzanja la Agogo Likamanjenjemera

(Pa kamera: dzanja la agogo lili pabondo, likugwedezeka)

Moni nonse. Taonani dzanja ili. Agogo angokhala phee, koma zala zikusisitana zokha. Akatambasula mkono kuti atenge kapu ya tiyi, kunjenjemerako kumachepa. Ichi ndi chizindikiro chodziwika cha matenda a Parkinson. Dzinali ndi la dokotala wa ku London, James Parkinson, amene anawafotokoza mu 1817.

Gwero lake lili mu ubongo. Maselo opanga dopamine, yomwe imathandiza kuti thupi liziyenda mwamyaa, amafa pang'onopang'ono. Ambiri amayamba kudwala atapitirira zaka 60.

Komatu kunjenjemera sindiko kozunza kwambiri, ndipo ena sanjenjemera n'komwe. Chowawa n'chakuti thupi limauma, chilichonse n'kumachitika mochedwa. Batani limodzi la malaya, nkhondo. Kudzuka pamphasa, mpaka wina awagwire mkono. Kutema mbamu ya nsima n'kuifikitsa kukamwa kumatenga nthawi, anzawo kusamba m'manja iwo asanafike pakati. Poyenda amakwekwesa mapazi atawerama, ndipo akafika pakhomo mapazi amatha kungomatirira pansi. Apa m'pamene ambiri amagwa. Musawakoke! Werengani nawo manambala mokweza, kapena yambitsani nyimbo imene amaikonda, kawirikawiri mwendo umanyamuka.

Nkhope nayo imauma, mawu n'kutsika. Pakhomo anthu amayamba kunena kuti agogo anyanyala, pomwe mumtima akuseka nanu. Choipitsitsa ndi chija cholozana zala, ati awa ndi afiti kapena awalodza. Muhammad Ali, katswiri wankhonya uja, amene ankadwala matenda omwewa, anayatsa muuni wa masewera a Olympics ku Atlanta mu 1996 dzanja likunjenjemera, dziko lonse likuonerera. Analodzedwa ndi ndani?

Mankhwala ochiziratu sanapezeke, koma levodopa imafewetsa thupi kwa zaka zambiri. Chachikulu n'kumwa pa nthawi imene adokotala anena, chifukwa ikatha mphamvu thupi limaumanso. Auzeninso adokotala ngati agogo akudzimbidwa, sakugona bwino kapena akutsamwa pomeza, zonsezi zimayendera limodzi ndi matendawa.

Kunyumba, alekeni azichita okha zimene angathe, ngakhale zichedwe. Aziyenda tsiku lililonse. Chotsani timikeka ndi zingwe m'njira yawo. Ndipo kuchimbudzi chokumba, kumene kunjuta n'kudzuka kumawavuta kwambiri, zikani mtengo wolimba pambali woti azigwirira.