Kuchokera ku Joni: Ndichite MBA Kapena Ndiyambe Ndadikira?

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Chipata, ku Leeds kapena konkuno ku Joni kumene ndikuyankhulira. Lero tikamba za sukulu ya MBA, digiri ya masters ya kayendetsedwe ka bizinesi. Osati ya ana, ayi, ya ife akuluakulu amene imvi zayamba kusuzumira m'mutu. Angapo a inu mwakhala mukundilembera kuti, achemwali, zija munkati mukufuna kuchita MBA zija zinatha bwanji? Ndiye ndati bwanji ndingofotokoza pano kamodzi, aliyense amve.

Kwa amene simukundidziwa, ine ndimagwira ntchito pa kampani yonyamula katundu pa malole. Katundu amatsika pa doko la Durban, ife timamukweza kupita ku Zimbabwe, Zambia, Malawi mpaka ku Congo. Gulu limene ndimayang'anira ndi la anthu okonza mapepala a pa boda, kuti lole ikafika pa Beitbridge kapena pa Mwanza isagone masiku chifukwa choti wina analemba nambala molakwika. Ntchitoyi ndimaidziwa, sindinama. Koma ndakhala pa mpando womwewu nthawi yaitali, ndipo m'misonkhano ya mabwana mukayamba kutuluka nkhani za phindu la kampani, ngongole zake, ndi kumene ndalama zikathiridwe chaka chamawa, ine ndimangogwedeza mutu. Zina ndimamva, zina zimandidutsa. Maganizo a MBA anayambira pamenepo.

Masukulu ake kuno alipo abwino ndithu. Mu Johannesburg muno muli GIBS, ya University of Pretoria, ili ku Illovo. Muli Wits Business School ku Parktown, komanso Henley. Ku Cape Town kuli sukulu ya bizinesi ya UCT, imene ili m'nyumba zimene kale zinali ndende, pafupi ndi Waterfront, ndiye ya Stellenbosch ili ku Bellville. Palinso ena otsikirako mtengo amene umaphunzira uli kunyumba, ngati MANCOSA ndi Regent a ku Durban, amene Amalawi ambiri amawadziwa. Ine mtima unali pa a mu Joni muno, chifukwa ntchito sindingaisiye. Pemiti yanga inamangiriridwa ku ntchito, ndiye zoti ndisiye ndikakhale mwana wasukulu chaka chathunthu sizinali m'gulu.

Chopunthwitsa choyamba n'chimene ambiri sadziwa. Kuno maphunziro onse anawaika pa makwerero otchedwa NQF. MBA ili pa level 9, ndipo kuti akulole kulowa uyenera kukhala ndi pepala la level 8, ndiye kuti honours kapena postgraduate diploma. Ife amene tinaphunzira kunja kwa dziko lino, mapepala athu amayamba apita ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kuno, kuti akawayeze. Yanga digiri ya ku Poly anaiika pa level 7. Kutanthauza kuti ndisanayambe n'komwe MBA, pali dipuloma ya chaka chimodzi yondidikira, ya fizi yakeyake. Masukulu amaloledwa kutengako anthu ochepa potengera zaka zimene agwira ntchito, koma malo ake ndi ochepa kwambiri moti sungawerengerepo. Ndiye zaka ziwiri zimene ndinkaganiza zija zinasanduka zitatu. Kuwonjezera apo pali mayeso olowera. Ena amafuna GMAT, imene masiku ano ili ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse, ena amalandira NMAT, ena ali ndi awoawo. Masamu a Folomu 4 amene ndinawatsanzika kalekale anandibwerera usiku pa tebulo lodyera, mwana wanga akundiseka.

Tsopano ndalama. Pa masukulu otchukawa, fizi ya MBA yokha imayandikira kapena kupitirira R300,000, osawerengera dipuloma ija, mabuku, mafuta a galimoto. Ndinapita kwa mayi amene amaona za ogwira ntchito pa kampani pathu, ndinati, sisi, kodi kampani singandithandize? Mayiyo ndi munthu wabwino, ndipo sanandizungulitse. Anatseka chitseko, n'kundiuza kuti ndalama zophunzitsira antchito zilipo, koma kampani imapeza mapointi a B-BBEE, lamulo lokweza anthu akuda pa chuma, ikaphunzitsa anthu akuda amene ndi nzika za dziko lino. Ine ndine wakuda, inde, koma lamulolo likamati anthu akuda limanena nzika zobadwira kuno kapena zobadwa kwa nzika, ndi amene analandira unzika April 1994 asanafike kapena akanaulandira pa nthawiyo. Ine mulibemo. Atandilipirira ine, pa mapointi aja kampani sipeza kanthu.

Ndisanamve wina akutukwana pa WhatsApp, ndinene kuti lamulolo sindikulinyoza. Anthu a kuno anatsekeredwa kunja kwa chuma cha dziko lawo lomwe zaka zambirimbiri pa nthawi ya tsankho, ndipo akukonza za kwawo. Tikanakhala ife tikanachita chimodzimodzi. Koma zinanditsegula maso pa funso limene ndinali ndisanadzifunse bwinobwino: kodi chimene chikunditsekereza kukwera ndi kusowa kwa pepala, kapena ndi pasipoti? Chifukwa lamulo la Employment Equity, loona za chilungamo polemba ndi kukweza anthu pa ntchito, nalonso limayang'ana nzika pamene makampani akuwerenga amene ali m'maudindo akuluakulu. Ndiye ndikhoza kukongola R300,000 ku banki, kubweza ndi chiwongoladzanja zaka zisanu, kuvala gauni, kujambulitsa, Lolemba n'kubwerera pa mpando womwe uja. Pali Amalawi ndi Azimbabwe amene akwera ndithu kuno, sindikukana. Koma amene ndikuwadziwa ine anakwera chifukwa cha luso losowa, monga la uinjiniya, la makompyuta kapena la akawunti, ndipo MBA inabwera pambuyo, kampani itawafuna kale.

Ndiye pali kumudzi. Mwezi uliwonse pali ka Mukuru kopita kwa amayi, fizi ya ana a malemu achimwene anga, ndi nyumba imene ndikumanga ku Area 25 yomwe yaima pa lintala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu kuno ankati inu ndiye mwalemera, rand yanu yakula. Sanaone kuti simenti, feteleza ndi fizi zinakwera nthawi yomweyo, ndipo mafoni opempha anachuluka. Nditawauza amayi za MBA, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwanawe, sukulu ija sunamalize kodi? Nanga zithunzi za gauni zili pakhomazi n'zachani?" Ndinaseka, koma funso lawo linali ndi nzeru. Iwo amafuna kudziwa kuti chimene chisinthe n'chiyani. A malume anga, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndi amene anandikankha. Iwo anati sukulu sikalamba, ndipo nyumba ikhoza kudikira koma mutu sudikira.

Ndinakhalanso pansi ndi mlongo wina wa ku Zambia amene anamaliza MBA yake muno mu Joni. Ndinamufunsa kuti andiuze zoona, osati za pa LinkedIn. Anati chimene anapindula kwambiri si zimene analemba pa mayeso, koma gulu limene anamuikamo, limene amati syndicate. Anthu angapo a ntchito zosiyana, wina wa ku banki, wina wa ku migodi, wina dokotala, kukangana mpaka usiku pa nkhani ya kampani ina imene inagwa kapena kudzuka. Anati kumeneko n'kumene anaphunzira kuyankhula pamaso pa mabwana osanjenjemera, komanso kuwerenga malipoti a ndalama n'kuona pamene munthu akubisa chilonda. Koma anandiuzanso mtengo wake wosalembedwa pa invoisi. Loweruka ndi Lamlungu lambiri linapita, kutchalitchi anayamba kumufunsa ngati anasamuka, ndipo pa nthawi ya kafukufuku womaliza iye ndi amuna ake ankangopatsana moni ngati alendi a nyumba imodzi. Ntchito yabwino anaipeza, koma osati kuno. Anaipeza ku Lusaka.

Mawu akewo ndi amene anandikhazika mtima pansi. Ndinaona kuti MBA imeneyi, kwa munthu wonga ine, mphamvu yake yaikulu ili kwathu, kapena pa bizinesi yangayanga. Ndikadzabwerera ndi zaka zimene ndagwira pa msewu wa Durban mpaka Blantyre, pepala lili m'manja, palibe adzandifunsa za pemiti. Ndipo ngati cholinga ndi kubwerera, ndiye kwathunso MBA ilipo, ku MUBAS, imene ife tinkaitcha Poly, komanso ya ESAMI imene likulu lake lili ku Arusha. Anzanu a m'kalasi amakhala anthu omwewo amene mudzachita nawo bizinesi ku Limbe ndi ku Kanengo. Anzanga a ku Sandton angandithandize chiyani ndikamafuna kontrakiti yonyamula fodya kapena shuga?

Ndiye ndaganiza chonchi. MBA yeniyeniyo sindilembetsa chaka chino, ndipo ngongole ya ku banki sinditenga. Ndiyamba ndi postgraduate diploma ija, yophunzira uku ndikugwira ntchito, ndikulipira pang'onopang'ono kuchokera m'thumba mwanga. Muli maphunziro a zachuma ndi akawunti amene ndikuwasowa m'misonkhano muja, ndipo ikatha ndidzakhala pa level 8, khomo la MBA lili chitsegukire. Chaka chimenecho chidzandionetsanso ngati thupi ndi banja zingapirire kuwerenga usiku nditachoka pa mzere wa magalimoto wa pa N1. Nyumba ya ku Area 25 tifolera kaye malata kuti mvula isawononge zipupa, zina zidikire. Amayi ndawauza kuti ya mwezi ndi mwezi sisintha, ndipo ndi pokhapo pamene anavomera.

Amene muli ku UK, ndikudziwa kuti kwanuko nkhani yake ndi ina, makamaka chiyambire January 2024 pamene analetsa ophunzira ambiri a masters kubwera ndi mabanja awo. Ngati alipo wina amene anachita MBA kumeneko ali kale pa ntchito, nditumizireni voice note, tidzaiulutse pano anthu amve mbali imeneyonso. Ulendo wamawa ndidzakhala ndi dalaivala wa lole amene wayenda msewu wa Beitbridge ndi Tete nthawi yaitali, adzatiuze zimene zimachitika pa boda usiku. Zikomo pomvera, tsalani bwino.